Mapointi sanakwane a ku Mzuni? Kaphunzire ntchito zamanja

Ngati MSCE watenga koma ku Mzuni dzina silinatuluke, usangokhala pa Chibavi kumenya bawo tsiku lonse. Choyamba uzionera nyuzipepala ndi tsamba la pa Facebook la TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, amalengeza akafuna ma apprentice (ophunzira ntchito), ndiye fotokope ya satifiketi ndi ya ID zikhale zokonzeka kale, osati kuthamanga tsiku lotseka.

Posankha kosi usatsatire anzako. Yenda kaye ku Luwinga ukaone ma welder mmene akuwotchelera mageti, ufunse, ugwireko chitsulo, ukaona kuti ntchitoyo ungaithe ndiye basi. Ine ndimakonda plumbing ndi zamagetsi chifukwa Mzuzu akumanga nyumba paliponse, mpope ukaphulika usiku eni nyumba sakambanso za mtengo. Kuli Mzuzu Technical College pompano, kapena Livingstonia Technical College ngati sukuopa phiri lija.

Pa attachment, nthawi yokaphunzira pamalo a ntchito, bwana akakutuma kusakaniza matope sakaniza, koma maso akhale pa manja ake. Ndalama ya ganyu yoyamba gula tepi ndi sipanala zako, zobwereka zimadanitsa. Mayeso a luso la ntchito yako yambira pansi, ukwere mpaka pamwamba.