Musanakalembe aptitude test ya ntchito

Anzanga amene mwaitanidwa ku aptitude test (mayeso oyeza kuganiza kwanu pofuna ntchito), makamaka ija ya pa kompyuta, ndikuuzeniko kanthu. Mayeso amenewa sayeza nzeru zokha ayi, amagwiranso mantha anu ndi kusazolowera kwanu. Mtima ukamagunda kuti thi thi thi mutu umadzadza ndi zoti "ndilephera ine" ndiye malo osungira manambala powerengetsera amachepa, funso loti 15% ya 2,400 umaliwerenga katatu osalimva chonsecho kunyumba ukanangoti 360 uli chigonere.

Ndiye sakani zitsanzo pa intaneti, makamaka zija za zithunzi zosowa chidutswa chimodzi, za mtundu wa Raven zomwe zinayamba mu 1938. Zilibe mawu koma ukaziona koyamba zimazunguza mutu, ukachitako zingapo umayamba kuona kuti apa chinthu chikuzungulira, apa madontho akuwonjezereka. Yesererani mutatchera wotchi ndipo pa kompyuta yeniyeni osati pafoni, mnzanga wina nthawi inamuthera akulimbana ndi mouse basi, zomvetsa chisoni.

Tsikulo fikani msanga, idyani kaye ngakhale kaphala. Ma example amene amapereka mayeso enieni asanayambe musawathamangire, chosamveka funsani woyang'anira pomwepo wotchi isanayambe.