Khungu likayamba kutuwa mbuu kunja kuno

Ngati mwangofika kumene ku UK kapena ku Ireland, nyengo yozizira yoyamba ikudabwitsani. Miyendo imatuwa ngati mwagona paphulusa, milomo imang'aluka, usiku n'kumadzikanda mpaka kudzisupula. Mpweya wozizira umakhala wouma, ndipo hita ya m'nyumba imaumitsiratu. Ndiye pothawa kuzizirako timakhalitsa m'bafa ndi madzi otentha kwambiri, omwe amakokolola mafuta achilengedwe a pakhungu. Ku London madzi ake ali ndi laimu wambiri, moti sopo sachita thovu bwino ndipo amatsalira pathupi. A ku Joni mukudziwa kale mmene June ndi July amaumira.

Mankhwala ake ndi osavuta. Sambani madzi ofunda chabe, osapitirira mphindi 10, ndipo mudzole thupi lisanaumiretu. Vaseline yemwe tinakulira uja amagwira ntchito kuposa mafuta ambiri onunkhira, chifukwa amatsekera chinyezi m'khungu. Kumaso kokha muchepetse ngati mumatuluka ziphuphu.

Amene mumasamalira okalamba kapena kukonza m'nyumba za anthu, manja ndiwo amayamba kulira. Kusamba m'manja pafupipafupi, sanitaiza ndi bulitchi zimang'amba zala. Muzivala magolovesi pogwira mankhwala otsukira, muwavule mukangomaliza, ndipo kabotolo ka mafuta kazikhala m'thumba la yunifolomu. Mashifiti ausiku nawo amabwera ndi tulo tochepa, nkhawa ndi zakumwa zotsekemera, zomwe zimatha kuutsa ziphuphu. Musazifinye. Pakhungu lakuda chipsera chimakhala miyezi.

Za dzuwa zili pawiri. Ku UK limafooka kwambiri kuyambira October mpaka March, moti khungu silipanga vitamini D wokwanira, ndipo a NHS, azaumoyo a boma la UK, amalangiza kumwa mamaikrogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse, kwa ife akhungu lakuda ngakhale chaka chonse. Koma amene mumagwira ntchito panja ku South Africa kapena m'minda ya ku Israel, muzivala chipewa ndi kudzola mafuta oteteza kudzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa pabotolo. Kuda sikuletsa kupsa.

Chimene chimandiwawa ine ndi mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa pa Facebook ndi WhatsApp. Ambiri amakhala ndi mankhwala oopsa monga hydroquinone, mercury kapena steroid wamphamvu ngati clobetasol, ndipo nthawi zina salemba n'komwe pabotolo. Poyamba nkhope imawala, anzanu n'kumati kunja kwakuyanjani. Pakapita nthawi khungu limapyapyala, mitsempha imaonekera, m'masaya mumabwera mabanga akuda ovuta kuchotsa, pomwe mercury imawononga impso. Ku UK n'koletsedwa kugulitsa zodzola zokhala ndi hydroquinone kapena mercury. Ngati mwadzola a steroid nthawi yaitali, musasiye mwadzidzidzi chifukwa khungu limatha kufiira ndi kutentha. Kaonaneni ndi dokotala, botololo mulitenge akalione.