Zoyenera kuchita ngati kholo linzanu likuphwanya chigamulo cha khoti chokhudza mwana

Khoti likagamula kuti mwana azikhala ndi ndani komanso kuti kholo linalo lizipereka ndalama zingati pamwezi, chigamulocho chimakhala lamulo, ndipo palibe kholo, nkhoswe kapena mfumu amene angachisinthe. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limati udindo wosamalira mwana ndi wa makolo onse awiri, kaya analowa m'banja kapena ayi, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Choyamba, sonkhanitsani umboni. Sungani chikalata cha chigamulo, malisiti a fizi ndi a kuchipatala, mauthenga a pafoni, ndi mbiri ya ndalama zimene munalandira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kenaka lembani m'kope mwezi uliwonse umene kholo linzanulo silinapereke ndalama. Amayi ambiri amafika kukhoti ndi madandaulo oona koma opanda pepala, ndipo zimenezi zimachedwetsa mlandu pamene mwana akugona ndi njala.

Mukatero, pitani kukhoti lomwe linapereka chigamulocho, mukafotokozere kalaliki kuti mnzanuyo sakutsatira, kuti aitanidwe kudzayankha. Ngati mulibe ndalama zolipira loya, pitani ku Legal Aid Bureau. Ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu ndi nthambi ya Victim Support Unit ya apolisi nazonso zimathandiza.

Khoti lili ndi mphamvu zolamula kuti ngongole yonse ya miyezi yapitayo ilipidwe, kuti ndalamazo zizidulidwa kumalipiro a kuntchito a mnzanuyo, kapena kuti katundu wake agwidwe. Wokana dala kusamalira mwana pamene chigamulo chilipo wapalamula mlandu, ndipo angathe kukakhala kundende. Chimodzimodzinso amene watenga mwana kapena kumubisa kwa kholo limene khoti linalipatsa mwanayo: ameneyo angaimbidwe mlandu wonyoza khoti, mwinanso wakuba mwana, ngakhale mwanayo ali wake womubereka.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa chifukwa cha kupsa mtima. Musaletse bambo kapena mayi kuona mwana pa masiku amene khoti linaloleza pofuna kubwezera ndalama zimene sizinabwere, chifukwa mukatero inunso mwaphwanya chigamulo, ndipo woweruza adzakufunsani. Ngati mukuopa kuti mwana akuzunzidwa kumeneko, kanenani kupolisi msanga ndipo pemphani khoti lisinthe dongosolo loonana.

Kwa inu amene munalamulidwa kupereka ndalama koma ntchito yatha kapena mwadwala, musathawe kapena kuzimitsa foni. Pitani nokha kukhoti ndi kalata yochotsedwa ntchito kapena ya kuchipatala, mukapemphe kuti ndalamazo zichepetsedwe. Mpaka khoti litavomera, chigamulo chakale chikugwirabe ntchito ndipo ngongole ikuwonjezereka mwezi ndi mwezi.