Mukadwala norovirus muli pa sitima yapamadzi

Mwafunsa choti muchite mukayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba muli paulendo wokasangalala pa sitima yapamadzi. Kawirikawiri imakhala norovirus, kachilombo kofala msanga pomwe anthu ambiri amadyera pamodzi.

Choyamba, bwererani kuchipinda chanu n'kuimbira foni chipatala cha m'sitimamo. Musayende pakati pa anthu, achipatalawo adzakuuzani chochita. Chonde musabise matendawa poopa kutsekeredwa m'chipinda. Munthu mmodzi amatha kupatsira ambiri, ena mwa iwo okalamba ndi ana aang'ono.

Kenako muzimwa madzi pang'onopang'ono koma pafupipafupi, makamaka ORS (madzi osakaniza ndi mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi). Apa mpofunika kusamala kwambiri, chifukwa choopsa ndi kutha kwa madzi m'thupi. Mkodzo ukachepa, m'kamwa mukauma, kapena mukamamva chizungulire poimirira, imbaninso nthawi yomweyo. Maantibayotiki sathandiza pa vairasi.

Sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20, makamaka mukachoka kuchimbudzi. Sanitaiza yekha sakwanira kupha norovirus. Masanzi musapukute nokha, itanani ogwira ntchito omwe ali ndi mankhwala oyeretsera, ndipo thaulo musabwerekane ndi mnzanu wa m'chipinda.

Ambiri amachira pakatha tsiku limodzi mpaka masiku 3, koma tulukani dokotala akavomereza. Kwa maola 48 mutachira, musagwire chakudya cha ena. Sungani malisiti onse, chifukwa chithandizo cha m'sitima kawirikawiri n'cholipira ndipo a inshuwalansi adzawafuna.