Malangizo a Kasankhidwe ndi Kavalikidwe ka Biti ya Miyendo Yaifupi pa Kavalo

Werengani pepala ili musanaike citsulo ici m'kamwa mwa kavalo. Lalembedwera mwini kavalo, wophunzitsa, komanso wosamalira akavalo m'khola, pakuti nthawi zambiri iyeyu ndiye amavalika capamutu m'mamawa mwini wake asanafike.

Mmene biti iyi imasewenzera

Cam'kamwa, cimene ambiri m'makola amangoti biti, cili pa mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi snaffle. Zingwe zake zimamangidwa pa mphete zokhala pambali penipeni pa kamwa, ndipo mphamvu imene dzanja lakoka ndi yomweyo imene kavalo amamva. Waciwiri ndi biti ya miyendo. Iyi ili ndi tizitsulo tiwiri totsika m'mbali mwa kamwa, zingwe zimamangidwa kumunsi kwake, ndipo kuseri kwa cibwano kumadutsa kacheni. Mukakoka, miyendo imapendekera kumbuyo, citsulo cimakanikiza lilime ndi nkhama, kacheni kamafinya cibwano, lamba wa capamutu naye amatsindika pamutu kuseri kwa makutu. Zonsezi pa kukoka kumodzi.

Amene anamasulapo mabauti a teyala la thirakitala adziwa zimene paipi imacita ikasomekedwa ku sipanala. Dzanja ndi lomwelo, koma bauti limamva zina. Mwendo wa biti ndiwo paipiyo, ndipo ukatalika, mphamvu yofika m'kamwa imaculuka.

Tengani rula mupime nokha, musadalire dzina lolembedwa pa paketi. Yambani pa citsulo ca m'kamwa kukwera mpaka pa kabowo komangapo lamba wa capamutu. Kenako pimani kucokera pa citsulo comweco kutsika mpaka pa mphete ya zingwe. Ngati kumwamba kuli masentimita 2.5 ndipo kumunsi kuli 5, mphamvu ya dzanja lanu ikuculukitsidwa pafupifupi kawiri. Kumunsi kukakhala 10, kumwamba kuli cimodzimodzi, ndiye kuti kanayi. Biti ya mphamvu yocepa ndi imene mbali yake yakumunsi siposa yakumwamba kopitirira kawiri. M'mipikisano ya dressage (yoonetsa kumvera ndi kayendedwe ka kavalo) yotsatira malamulo a FEI, bungwe loyang'anira masewera a akavalo pa dziko lonse, mwendo suloledwa kupitirira masentimita 10 kumunsi kwa citsulo.

Pali cinthu cimodzi cimene ogula ambiri sacidziwa. Mwendo waufupi ndi wofewa, inde, koma umagwira msanga. Wautali umayenda kamtunda kacheni kasanafinye, motero kavalo amayamba wamva kuti cinacake cikubwera. Waufupi sucenjeza kweni-kweni. Wokwera wa manja ogwedezeka, amene amadzigwirira pa zingwe kavalo akamathamanga, angamuvutitsebe ngakhale biti ili yaifupi.

Mungasankhe iti

Kimberwick ili ndi mphete zooneka ngati cilembo ca D ndi kacheni, ndipo imasewenza ndi zingwe ziwiri cabe, cimodzi uku cina uku. Mtundu wake wochedwa Uxeter uli ndi timipata tiwiri pa mphete iliyonse. Cingwe cikalowa m'kampata kakumwamba, mphamvu imakhala yocepa, m'kakumunsi imaonjezekako. Yambirani kumwamba. Iyi ndiyo imathandiza mwana amene kavalo wake wamng'ono amamukokera ku udzu.

Pelham ya miyendo yaifupi ili ndi malo awiri a zingwe mbali iliyonse. Zakumwamba zimagwira ngati snaffle, zakumunsi ndizo zimadzutsa kacheni. Ubwino wake uli pomwepo: mumayenda ndi zakumwamba, zakumunsi n'kumangozikhudza pakafunika. Ena amalumikiza mphete ziwirizo ndi kalamba kuti agwire cingwe cimodzi. N'zotheka, koma mukatero mwataya cimene munagulira Pelham.

Palinso mabiti a kakweredwe ka Western, ka oweta ng'ombe a ku America, a miyendo yaifupi yokhotera kumbuyo. Awa anapangidwira kavalo wozolowera kukhota cingwe cikangomukhudza pakhosi, zingwe zili zolekerera.

Cenjerani ndi biti ya miyendo imene citsulo cake ca m'kamwa cili ndi mfundo imodzi pakati, monga ija ya Western yochedwa Tom Thumb. Imaoneka ngati snaffle ndipo ena amaigulitsa ngati yofewa. Si yofewa iai. Mukakoka, imapindika pakati n'kupana nsagwada uku kacheni kakufinyanso, ndipo mukakoka cingwe cimodzi mwendo umapotokera m'tsaya, kavalo osadziwa kuti mufuna apite kuti. Kwa woyamba kumene, sankhani citsulo cosaduka pakati, cokhota pang'ono, kapena cokhala ndi kalinunda kakang'ono kopatsa lilime malo. Linunda lalitali lingagunde kumwamba kwa m'kamwa, ndipo silili la oyamba.

Kavalo ali wokonzeka liti

Kavalo wamng'ono amene angoyamba kukweredwa aphunzire ndi snaffle. Biti ya miyendo siiphunzitsa bwino kukhota, cifukwa kukoka kwa mbali imodzi sikumveka bwino m'kamwa. Musamukire ku iyi pokhapo kavalo atadziwa kale kuima, kubwerera m'mbuyo ndi kukhota mbali zonse ziwiri ndi dzanja lopepuka. Ngati saima ndi snaffle, vuto kambiri limakhala m'maphunziro, m'mano, pamsana kapena pa cishalo cosakhala bwino. Kuonjezera citsulo kumangobisa vutolo kwa milungu ingapo, kenako kamwa limauma ndipo mudzafuna cina coposa.

Dokotala wa ziweto ayambe waona m'kamwa. Biti imakhala pa mpata wopanda mano, pakati pa mano akutsogolo ndi otafunira, pamene fupa langokutidwa ndi kanyama kopyapyala. Akavalo ena amamera timano ting'onoting'ono kutsogolo kwa mano otafunira akumwamba, ndipo citsulo cikatigunda pamawawa. Mano otafunira nawonso amanoleka m'mphepete n'kumaceka tsaya, conco afunika kuonedwa kamodzi pa caka.

Saizi ndi kavalikidwe

Mabiti ambiri amalembedwa m'mainchi. Mainchi 4.5 ndi pafupifupi masentimita 11.5, mainchi 5 ndi 12.5, mainchi 5.5 ndi 14. Kuti mudziwe saizi, pisani kacingwe kosalala m'kamwa pamalo pokhala biti, mutsine ndi zala pamene milomo yathera mbali zonse, kenako mukaike pa rula. Biti ikavalidwa, pakati pa mlomo ndi mwendo pasatsale malo oposa theka la sentimita. Yaing'ono imatsina milomo. Yaikulu imatsetsereka uku ndi uku n'kupala khungu. Za kunenepa kwa citsulo, musaganize kuti cacikulu ndico cabwino nthawi zonse; kavalo wa lilime lonenepa sapeza potsekera kamwa. Mamilimita 14 mpaka 16 amakwanira akavalo ambiri.

Kwezani malamba a m'masaya mofanana mbali zonse mpaka pangodya ya mlomo paoneke khwinya limodzi. Pa kavalo wamphongo onetsetsani kuti citsulo sicikugunda mano osongoka amene amamera cakutsogolo kwa mpata wokhala biti uja.

Tsopano kacheni, pamene ambiri amalakwitsa. Kakoleni ku ngowe ya kumanja, mukapotoze mpaka mphete zake zonse zitagona fulati, ndiyeno mukakole kumanzere. Kakhale m'kamkwasa ka kuseri kwa cibwano, osati kukwera pa fupa. Zala ziwiri zilowe pakati pa cheni ndi khungu. Mutaimirira pambali, kokani zingwe pang'onopang'ono mukuyang'ana mwendo: cheni iyambe kugwira mwendo utapendekera madigiri 45, ndiko kuti theka la kona ya nyumba. Ikagwira msanga, yathina. Mwendo ukagona mpaka kulunjika cingwe, yakhwepa, ndipo citsulo cidzagubuduka m'kamwa. Kavalo wa khungu lanthete muikireni kalamba kacikopa kapena cophimbira ca labala.

Tsiku loyamba

Muvalikeni ali m'khola, aime nayo mphindi khumi akuitafuna. Kenako, muli pansi, kokani pang'ono, ndipo akangogonjera lekani pomwepo. Kulekako ndiko kumamuphunzitsa. Kukwera koyamba kukhale m'bwalo lochingidwa, poyenda cabe, osati kuthengo kapena pakati pa ng'ombe.

Kutafuna modekha ndi kathovu pang'ono pamilomo ndi zizindikiro zabwino. Koma akamayasama, kugwedeza mutu, kuponya lilime pamwamba pa citsulo, kupinda khosi mpaka cibwano kufika pacifuwa, kapena kufuna kuima ndi miyendo iwiri, tsikani. Yang'anani milomo, nkhama ndi cibwano. Mukapeza cilonda, asavale biti iliyonse mpaka citapola. Musamumangirire ku mtengo ndi zingwe za biti, ndipo musamuzungulitse pa cingwe cacitali comangidwa ku mwendo wa biti. Amene mumasewera polo, polocrosse kapena kulumpha, funsani okonza mpikisano musanagule, popeza masewera alionse ali ndi mabiti amene amaloleza.

Kasamalidwe

Tsukani biti ndi madzi oyera mukangoivula, malovu ndi udzu zisanaumirepo. Sopo wa mbale ngati mwasewenzetsa, mutsukuluze bwino. Polishi wa zitsulo asafike pa mbali yolowa m'kamwa. Yopangidwa ndi citsulo cochedwa sweet iron imacita dzimbiri lopyapyala, ndipo ndi mmene inapangidwira, akavalo ambiri amakonda kukoma kwake. Ya kopa ndi ya labala zimatha msanga cifukwa ca mano.

M'mwezi wa Okutobala musasiye biti padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Igwireni kaye m'dzanja musanaivalike. M'mamawa a Juni ndi Julaye ifunditseni m'manja kwa kanthawi. Nthawi ya mvula zikopa zimacita nkhungu, conco pacikani capamutu pamalo opita mphepo.

Kamodzi pa mlungu yendetsani cala pa biti yonse, maka-maka polumikizira miyendo ndi pa ngowe za cheni. Mukamva pakuthwa, pong'aluka kapena pogwedera kuposa kale, icotseni m'khola. Musaiwocherere ndipo musaiwongole ndi hamala.