Akapitawo, aganyu opalira amalimbikira ndime ikagawidwa bwino

Mu Disembala ndi Januwale, udzu ukamakula usana ndi usiku, eni minda ikuluikulu amalemba aganyu ambiri. Kawirikawiri timamva akudandaula kuti anthuwo ndi aulesi, koma tikayendera mindayo timapeza kuti vuto linayambira pogawa ndime.

Yesani ndime ndi chingwe anthu onse akuona, khasu lisanagunde pansi, ndipo mugwirizane mtengo pomwepo. Mzere wa pamchenga ndi mzere wa kudambo komwe kwadzaza nansongole sungakhale wa mtengo umodzi. Mukaumirira mtengo umodzi, amene wagwera malo ovuta amangokwirira udzu ndi dothi osauzula, mvula ikagwa kawiri udzuwo watulukanso, inu mwalipira kale. Pamalo otere chepetsani mizere kapena onjezerani ndalama. Ndime zofewa musamapatse anthu omwewomwewo tsiku ndi tsiku, makamaka abale anu, chifukwa anzawo amaona ndipo amagwa ulesi.

Yenderani ntchito ikadali mkati, osadikira madzulo. Fukulani dothi ndi phazi m'mizere ingapo muone ngati udzu wazulidwadi. Wolakwitsa muitanireni pambali, mumusonyeze pamene pakufunika kubwereza. Kukalipira mayi wamkulu pamaso pa ana kumamuchotsa ulemu, ndipo mawa sabweranso. Wogwira bwino muyamikeni anzake akumva.

Miyezi imeneyi ndi ya njala, ambiri amabwera m'mimba muli pululu. Phala la m'mawa kapena nsima ndi nyemba masana, komanso madzi akumwa pafupi, zimathandiza kuposa kuwakuwiza. Kumbukiraninso kuti nawonso ali ndi minda yawo yofuna kupalira. Womaliza ndime yake msanga mulekeni apite, musamuwonjezere ina ulele.

Pa malipiro ndiye pamagona nkhani. Lembani m'kaundula dzina, tsiku ndi mizere imene munthu walima, iye asayine kapena adinde chala. Tsiku limene munalonjeza lisasinthe. Mukamalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, onjezerani ndalama yotapira kuti alandire zake zonse.

Kwa antchito okhazikika, lamulo la ntchito la 2000 limati maola asapitirire 48 pa sabata, ndipo opitirira apo amalipiridwa mwapadera. Asonyezeni papepala mmene mwawerengera malipiro awo mwezi uliwonse.