Kujambula zomera ndi dzuwa monga ankachitira Anna Atkins

Anna Atkins, mayi wa ku England amene anabadwa mu 1799, sankadalira kamera pojambula ndere za m'nyanja zimene ankasonkhanitsa. Ankagoneka chomeracho papepala lopakidwa mankhwala n'kuliyanika padzuwa. Njirayi imatchedwa cyanotype, ndipo chomeracho chimatuluka choyera papepala labuluu. Amene anaitulukira ndi wasayansi John Herschel mu 1842, ndipo mu 1843 Atkins anayamba kutulutsa buku la ndere za ku Britain, limene ambiri amati ndi loyamba kukhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi kuwala.

Mankhwala ake ndi awiri. Sungunulani magalamu 25 a ferric ammonium citrate wobiriwira m'madzi okwana mamililita 100. M'botolo lina sungunulani magalamu 10 a potassium ferricyanide m'madzi ochuluka chimodzimodzi. Muziphatikiza muyezo wofanana pokhapokha mukafuna kupaka, chifukwa akasakanizidwa sachedwa kuwonongeka. Wachiwiriyu asakhudzane ndi asidi wamphamvu, amatulutsa mpweya wakupha.

Pakani pang'ono ndi bulashi papepala lochindikala, m'chipinda mosalowa dzuwa, ndipo liumire mumdima. Chomera chikhale chouma, chimene mwachipana kale pakati pa nyuzipepala kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Chachiwisi chimachita thukuta chikatenthedwa n'kuthimbiriritsa pepala. Yalani pepala pathabwa, chomera pamwamba pake, kenako galasi, n'kupana zolimba. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: galasi likapanda kukanikiza, kuwala kumazembera kunsi kwa masamba, chithunzi n'kutuluka chosaoneka bwino m'mphepete.

Padzuwa loswa mtengo mphindi 10 mpaka 20 zimakwana, koma khulupirirani maso kuposa wotchi. Pepala limayamba lachikasu chobiriwirira, limada, kenako limatuwa ngati phulusa. Likatuwa ndiye kuti lapsa. Mukafulumira kulichotsa, mtundu wonse umapita ndi madzi.

Tsukani m'madzi ozizira kwa mphindi zosachepera 5, mpaka chikasu chonse chitachoka pamene panagona chomera. Chikatsalira, malo oyerawo amadzada pakapita nthawi. Sopo ayi, amafufutitsa mtundu, monganso pepala lokhala ndi choko chambiri. Buluu wake amakhwima pang'onopang'ono pepala likamauma, mwina tsiku lathunthu.

Atkins ankalemba dzina la Chilatini la chomera pakapepala koonekera mkati n'kukaika pansi pa galasi lomwelo, kuti dzinalo lituluke loyera limodzi ndi chomeracho. Masamba opyapyala ndiwo amakoma kujambula, chifukwa kuwala kumadutsa pang'ono n'kuonetsa timitsempha tawo.